Chimbuya pa Maliro a Womasulira

Basi ya ku Chipata inamutula pa thanki ya madzi ya Chelstone, mu Lusaka, mdima utangogwira. Magetsi anali atathima dera lonse. Thandazani Jere anaima m'mbali mwa msewu, chikwama paphewa. Msewu waukuluwo ankaudziwa dzenje ndi dzenje. Zaka khumi ndi zisanu akuyendetsa thiraki: Chipata, Lusaka, Chirundu, Beira, kubwereranso. Koma timisewu ta m'katimu anali asanapondemo. Amalume ake anasamukira kuno atapuma pantchito, iye atalumbira kale kuti pakhomo pawo sadzafikapo.

Tsopano amalumewo anali kumochale. Lumbiro linatha lokha.

Anafunsa mayi wina wowotcha chinangwa pambaula.

"Pa malilo ya ba Ngoma? Baja benze kumasulila ku khoti? Yendani chabe so. Mukapeza tchalichi mukhote kumanja. Muzamvela nyimbo."

Anayenda. Kunali kuzizira kwa mu Juni, kuja kolowa m'mafupa. Agalu ankauwa kuseri kwa mipanda. Jenereta ina inkalira patali. Mumtima mwake munalibe maliro. Munali Lachiwiri.

Lachiwiri likubweralo, mlongo wake Betty ankayembekezera chiweruzo.

Betty ankagulitsa zovala za salaula ku msika wa Soweto. Tsiku lina m'mawa, m'komboni imene ankakhala, gulu la anthu linagwira bambo wina pomuganizira kuba. Linamumenya, linamuveka tayala, linamuyatsa. Wina anajambula pafoni. Nkhope zambiri sizinkaoneka bwino. Ya Betty inkaoneka, akuthamangira pamotopo ndi ndowa m'manja. Iye anati munali madzi. A boma anati munali petulo. Mlandu wakupha ulibe belo. Analowa m'ndende kukadikira, ana ake awiri n'kutumizidwa ku Chipata kwa Thandazani. Wamng'onoyo anapita akuyamwa chala. Tsopano anali mu giredi wani.

Zaka zitatu ndi miyezi inayi. Jaji woyamba anamva mboni zisanu, kenako anakwezedwa n'kupita ku khoti lapamwamba. Mlandu unayambiranso pamaso pa jaji wachiwiri. Akuluakulu amati mlandu suwola. Za munthu amene akuudikira sanenapo kanthu.

Makomo onse Thandazani anawagogoda. Anayamba ndi phungu wa kwawo. Phunguyo anamulandira bwino, anamupatsa ndi madzi a m'botolo omwe. "Nkhani ili kukhoti," anatero. "Ife timapanga malamulo, sitiweruza. Ndikaitchula m'nyumba ya malamulo andikhazika pansi ndisanameze malovu." Anapita ku ofesi ya nduna ina. Masiku awiri pabenchi. Mlembi anatuluka n'kumuuza kuti boma sililowerera ntchito za makhoti. Apolisi anati iwo anamaliza zawo, mapepala ali kwa oimira boma pa milandu. Kumeneko sanamupatse n'mpando womwe. Itafika nyengo imene Pulezidenti amakhululukira akaidi, analemba kalata. Yankho linabwera lalifupi: chikhululukiro n'cha amene anaweruzidwa kale n'kupezeka olakwa. Mayi wina wogona pafupi ndi Betty, amene anavomera yekha mlandu wake, anatuluka tsiku limenelo n'kumusiyira bulangete. Betty, wosapezeka wolakwayo, anatsala.

Khomo lililonse linkaloza lina. Pomaliza onse ankaloza kumodzi, kwa jaji.

Ndipo m'banja monse munthu wodziwana ndi majaji anali mmodzi. John Ngoma, amalume ake, womasulira m'khoti kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Thandazani anawapeza pakhonde la khoti Betty atangomangidwa. "Amalume, nenaniko mawu amodzi." Iwo anakonza tayi. "Ine ndimanena zimene wina wanena. M'nyumba muno mawu angaanga ndilibe." Ndipo kundende sanapiteko ngakhale kamodzi. Lumbiro lija linabadwira pamenepo.

Loya wa Betty, mtsikana wa ku ofesi yothandiza osauka, anali atamuimbira foni Lachitatu. "Umboni wawo ndi wofooka. Inu khalani chete. Musayendeyende, musakambe ndi aliyense. Lachiwiri si kutali."

Nyumba anaipeza ndi nyimbo. Mipando yonse inali panja, pansi pa tenti. Azibambo atazungulira chitsa choyaka, makhoti aatali, zipewa zaubweya. M'kati azimayi a chigwirizano akuimba motsitsa. Anavula nsapato pakhomo, analowa chogwada. Mkazi wa malemu, mayi Kathleen, anali pamatiresi pakona, kandulo ili pambali. Anamugwira dzanja.

"Wabwera, Thanda."

"Ndabwera, amai."

"Wachedwa."

Anamusiya dzanja. Iye anatuluka.

Asanapeze pokhala, mdala wina wamfupi wa ndevu zoyera anamutchinga njira, chitini cha paudala wa ana chili m'manja. Anali ba Chibwe, Mbemba wa nyumba yoyandikana.

Angoni ndi Abemba anamenyana kalekale ndi mikondo. Palibe anagonja. Nkhondoyo inasanduka nthabwala, ndipo amaitcha chimbuya: wa mtundu winawo ndiye mbuya wako. Pamaliro a Mngoni kapena wina aliyense wakummawa kwa dziko, Abemba ndiwo amagwira ntchito: kuwaza nkhuni, kuphika, kukumba manda. Malipiro awo ndi pakamwa. Amanyoza wamoyo, amanyoza ndi wakufa yemwe, ndipo wonyozedwayo saloledwa kukwiya.

"Shani, we kapolo?" anatero ba Chibwe, akumuwaza paudala paphewa. "Wabwela na basi, olo wapalasa njinga monga banzako ba ku Chipata? Malume wako wafa na njala ya mbeba. Mu Lusaka sizenze kumukwana."

Azibambo anaseka. Thandazani anadziwa choyankha. Pamsewu amakumana nawo tsiku ndi tsiku.

"Ndabwera pa basi, mudala. Pa Luangwa anyani onse akufunsa za inu. Akuti mkulu uja anatidyera agogo athu akadali moyo?"

"Iyee! Kali na pakamwa aka! Nkhala apa, nkhala apa."

Anamupatsa mpando wapulasitiki ndi kapu ya tiyi. Moto unamuwotcha m'maondo, msana ukuzizirabe. Nkhani zinkayenda: magetsi, mtengo wa makala, mpira. Ba Chibwe sankakhala chete.

"Pa malilo palibe bwana, mwana. Uona mai uja kumbuyo, wa chitambala chakuda, adula kabichi? Pa Mande maloya bonse bamuwelamila. Lelo tamupasa mpeni na beseni. Ni ba Jaji Kabamba baja. Malume wako anabamasulila zaka twelufu, kuyambila bakali ba majisitileti ku Kabwe."

Thandazani anaika kapu pansi.

Dzinalo linali pa pepala lililonse la mlandu wa Betty. Mayiyo anamuonapo kamodzi kokha, ali pamwamba patali, mu mkanjo wofiira, akulemba osadzutsa mutu. Tsopano anali apo, kuseri kwa nyumba, pa kampando kamatabwa, miyendo yotambasula, chitenje cha tchalitchi m'chiuno. Nyali ya batire inkamuwalira m'manja. Mayi wonenepa pang'ono, wa magalasi, akuseka ndi anzake.

"Bamaseka na bantu?" anafunsa, Chinyanja cha m'tauni chikumutuluka chokha.

"Lelo ni mbuya wako. Ungamuuze vilivonse. Mbuya sakalipa, mbuya sakana."

Dzanja linamugwira paphewa. Anali Saul, mwana wa malemu, msuweni wake, wogwira ntchito ku banki ina ya mu Cairo Road. Maso ofiira, mapepala a pulogalamu ya mawa m'manja. Anamukokera pambali, pafupi ndi geti.

"Naona pamene uyangana. Usayese, boi. Usabakambise. Usabauze na dzina yako."

"Chifukwa?"

"Ba dadi banakana. Banakamba kuti..."

"Adadi ako anakana zonse. Anakana Betty, anakana ine. Tsopano akana ali m'firiji?"

Nkhope ya Saul inauma. Anatsegula pakamwa, koma wina anamuitana kumsewu: lole ya nkhuni yafika, dalaivala akufuna mwini maliro.

"Niyembekeze apa. Nizakuuza bwino. Osachoka apa, Thanda."

Anapita.

Thandazani anaima yekha pageti. Pamsewu anaphunzira chinthu chimodzi: pepala siliyenda lokha. Pa bodala, pa rodibuloko, pa sikelo ya mathiraki, wokhala m'galimoto kudikira kuti lamulo limukumbukire amagona pomwepo masiku atatu. Umatsika. Umavula chipewa. Umamupeza munthuyo, umamuuza dzina lako ndi la kwanu. Munthu akakuona nkhope amafewa. Sichinamulepherepo chimenechi.

Ndipo panali mphekesera ija. Ankati mchimwene wa bambo wopsayo amagwira ntchito ku unduna wina, amayenda pa galimoto ya boma. Nanga ngati iwo anakamba kale? Nanga ngati aliyense wakamba, kupatula iye? Zaka zitatu akumuuza kuti mphamvu ili kwa jaji, kwa jaji, kwa jaji. Lero Mulungu wamuikira jajiyo pa kampando, ndi mpeni wa kabichi, pa tsiku lokhalo limene mwambo umalola kumuuza chilichonse.

Anazungulira nyumba.

Kuseriko kunali utsi ndi phokoso. Mapoto aakulu pamoto, madiramu a madzi, azimayi khumi ndi angapo. Atsikana awiri, adzukulu a malemu, ankajambula nthabwalazo pafoni kuti atumizire azakhali awo a ku Joni amene analephera kubwera. Mayi wina anamuona.

"Wina uyu! Wakumawa wina uyu!"

Jaji Kabamba anadzutsa mutu, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Uyu ndiye wachoka ku Chipata? Onani mimba. Wadya mbeba zingati panjila, iwe?"

"Zochepa, mayo. Nyama zenizeni munamaliza inu ndi michira yomwe."

Azimayi anakuwa. Jajiyo anaseka mpaka kupukuta maso ndi mkono. Anatapa ufa m'thumba linali pambali pake.

"Bwela kuno. Gwada. Kapolo sakamba na mfumu yake ali choimilila."

Anagwada pafumbi. Dzanja lofunda linamupaka ufa pamutu, pamphumi, m'masaya. Mafoni awiri aja anayandikira. Iye anaombera m'manja katatu, mwaulemu wa kwawo.

"Ambuya, ndili ndi pempho."

"Pempha. Koma mkazi wa Chibemba sitikupasa. Ungamuphe na njala."

"Ine ndine Thandazani Jere. Ndine mlongo wake wa Betty Mwango."

Mpeni unaima pakati pa kabichi.

"Leka," anatero mayiyo, motsitsa.

"M'ndowa muja munali madzi, ambuya. Ndikulumbira pamaliro pano. Betty sangaphe ngakhale nkhuku, amaitana aneba. Ana ake ali kwa ine. Wamng'ono sadziwa nkhope ya amake."

"Nakuuza leka. Ima pamene apo."

Koma mawu a zaka zitatu sabwezeka ndi dzanja limodzi. Anatuluka okha.

"Ndipo malemu amene mukuwalira pano ndi amalume ake enieni. Bere limodzi ndi amai athu. Iwo anachita manyazi kukuuzani. Ine ndilibe manyazi. Lachiwiri mutikumbukire. Mbuya sakana."

Anamaliza. Panalibe woseka. M'kati nyimbo inkapitirira. Poto wina ankawira, chivindikiro chikugunda. Mtsikana mmodzi anatsitsa foni pang'onopang'ono. Winayo anati, "Yapita kale pa gulupu ya banja," ndipo wina anamutsina.

Jaji Kabamba anaika mpeni m'beseni. Anadzuka movutikira, dzanja pabondo. Anapita pa diramu, anatunga madzi, anasamba m'manja nthawi yaitali, chala ndi chala. Kenako anati, "Muitaneni Saul."

Saul anabwera akuthamanga. Anaona Thandazani ali chogwada, woyera ndi ufa. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Saul, ima apa," anatero jajiyo. "Sindilankhula ndi munthu uyu ndili ndekha."

Anapita atatu pambali pa nyumba, pamene panali mtengo wa mapeyala. Chinyanja cha mayiyo chinali chitasintha. Sichinalinso cha m'tauni. Chinali chija chosamala, cha m'khoti, chimene anachitola kwa malemu pa zaka khumi ndi ziwiri.

"Saul, n'zoona? Betty Mwango ndi mwana wa mlongo wa bambo ako?"

"N'zoona, mayo."

"Ndipo John ankadziwa kuti mlandu uli kwa ine."

"Benze kudziba."

Mayiyo anavula magalasi. Anawagwira m'manja osawapukuta.

"Zaka ziwiri sanabwere kunyumba kwanga. Ndikamuitana pa Khirisimasi, ati miyendo. Ndikamuimbira, mawu atatu basi. Ndinkaganiza kuti ndinamulakwira."

Anavalanso magalasi n'kutembenukira kwa Thandazani.

"Imva bwino, chifukwa sindibwereza. Lachiwiri ndidzalowa m'khoti. Ndidzaitana maloya a mbali zonse ziwiri. Ndidzawauza zimene zachitika pano, zonse, ndi za John zomwe. Kenako ndidzachoka pa mlanduwu. Fayilo idzabwerera kwa wogawa milandu, adzapatsa jaji wina."

Thandazani sanamve msanga. Anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene akudikira mapeto a nthabwala.

"Kuchoka bwanji? Ine sindinakupatseni kanthu. Ngakhale kobiri. Ndangopempha."

"Ndikudziwa."

"Ndiye jaji winayo awerenge zimene mwalemba, amalize."

"Sanaone mboni. Sangaweruze nkhope zimene sanazione. Adzayamba poyambira."

"Kachitatu?"

"Kachitatu."

"Mpaka liti?"

"Sindidziwa. Milandu ya chaka chino inagawidwa kale."

Anagwadanso, tsopano osati mwa nthabwala. Anagwira mpendero wa chitenje cha mayiyo. Saul anamuchotsa dzanja.

"Iwalani zimene ndanena, mayo. Ndinali kuseka. Ndi chimbuya chabe. Aliyense wamva kuti ndi chimbuya."

"Aliyense wamva, ndiye vuto lake. Ndipo ngakhale akanapanda kumva, ine ndamva."

"Koma ndinu mbuya wathu."

"Ndine mbuya wako, inde. Ndiuze ndikumbe manda a amalume ako ndi manja, ndikumba. Mapoto onsewa nditsuka. Undinyoze mpaka kuche, sindikwiya. Zimenezo ndi zanga, ndikhoza kukupatsa. Chimene wapemphachi si changa. Malamulo aakulu a dziko anangondisungitsa, ndipo anati wina aliyense asachikhudze. Pulezidenti anandisankha, aphungu anandivomereza, atatero onse anachotsa manja. Nduna ikandiimbira za mlandu, ndimadula foni. Ndiye ndimvere iwe chifukwa ndakupaka ufa?"

"Nduna ili ndi mphamvu. Ine ndilibe kanthu. Musandifanizire ndi nduna."

"Bambo uja anapsa ukumudziwa dzina?"

Thandazani anapukusa mutu.

"Anali Phiri. Wa ku Katete, kummawa kwanu komweko. Nayenso abale ake ndi ambuya anga. Loweruka lina akhoza kundipeza pa maliro ena, n'kugwada monga wagwadira iwe. Ukufuna ndiwamvere?"

Mphepo inagwedeza masamba a mapeyala. Kutenti wina anatsokomola.

"Ndikamumasula Betty Lachiwiri," anapitiriza jajiyo, "a boma adzatenga kanema wa atsikana aja kupita naye ku khoti la apilo. Adzati anamasulidwa pamaliro, pakati pa mapoto. Adzamugwiranso, ndipo palibe adzakhulupirire kuti m'ndowa munali madzi. Ndikamupeza wolakwa, iwe udzati ndamulanga chifukwa unandichititsa manyazi. Kulikonse kumene ndingapite, chiweruzocho chafa kale."

Thandazani anapukuta milomo. Ufa unali utamulowa m'kamwa.

"Munalemba kale?"

"Ndinamaliza Lachitatu. Masamba makumi anayi ndi awiri."

"Akuti chiyani?"

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Mumdimamo nkhope yake sinkawerengeka.

"Sadzawerengedwa," anatero.

Anamasula chitenje cha tchalitchi, anachipinda bwinobwino. Analowa m'nyumba kukatsanzika kwa mayi Kathleen. Sanachedwemo. Potuluka anadutsa patenti osayang'ana kumbali. Ba Chibwe anayesa: "Mayo, mwathaba nchito? Kabichi ikali!" Mdalayo anaika chitini cha paudala pansi pa mpando. Galimoto inalira kumsewu, nyali zake zinasesa mpanda, n'kupita.

Saul anatsala ndi msuweni wake pansi pa mtengo.

"Nenze nakuuza uniyembekeze. Mamineti faivi chabe."

"Bwanji simunandiuze kale? Zaka zonsezi?"

"Tikuuze bwanji? Foni ya ba dadi unaibuloka. Yanga siuyankha. Elo ba dadi benze kukamba ati, Thandazani akadziba kuti jaji ni munzanga, azafika pa geti yake na mbuzi." Saul anapukuta mphuno ndi mapepala a pulogalamu. "Benze kukudziba bwino."

Anamusiya pomwepo.

Thandazani sanabwerere kumoto. Anakhala pa njerwa zinali pambali pa chimbudzi, msana kukhoma. Wina anamubweretsera chakudya, anachisiya pansi n'kuchoka. Sanachikhudze.

Kunja kutayamba kuyera, mtsikana mmodzi wa mafoni uja anabwera, maso pansi.

"Ati ba gogo bakuitanani."

M'nyumba azimayi anali atagona mothithikana pamphasa, ena akudzuka, akumanga zitambala. Mayi Kathleen anali chikhalire pakona pomwe paja. Pambali pawo panali kachikwama kapulasitiki ka mizeremizere. Thandazani anagwada.

"Amai, ndalakwa."

"Walakwa." Sanakweze mawu. "Amalume ako Loweruka lililonse ankadzuka nthawi ngati ino. Ankaphika okha, ine osandilola. Nyemba, kapenta, nthawi zina nkhuku. Ankapatsa mayi wina wa kutchalitchi kuti akapereke kundende. Iwo ankaima kutsidya kwa msewu mpaka mayiyo atatuluka. Pageti paja amalemba dzina ndi chibale. Ankaopa kuti dzina lawo likalowa m'buku limenelo, tsiku lina lidzafika kukhoti."

"Betty akudziwa?"

"Akuganiza kuti ndi a mpingo. Nayenso amati amalume anamutaya."

Thandazani anayang'ana pansi. Pamphasa panagwa ufa wochoka m'tsitsi mwake.

"M'chipatala, Lolemba, ankangofunsa tsiku. Ndikati Lolemba, iwo ati, kwatsala masiku asanu ndi atatu. Ankati Chishimba Kabamba ndi mkazi wosapindika, akaona madzi adzanena kuti madzi. Ankati tingomusiya agwire ntchito yake." Mayiyo anakankha kachikwamako ndi phazi. "Lero ndi Loweruka. Ndaphikitsa."

"Koma maliro, amai. Tchalitchi ndi naini."

"Oika maliro alipo ambiri. Kundende amalowetsa m'mawa mokha, ndipo mzere umayamba kusanache. Betty akuwerenga masiku. Wachapa kale diresi la Lachiwiri, anandiuza mayi uja. Asamve kwa loya. Asamve m'khoti, pamaso pa anthu. Ukamuuze wekha, ndi pakamwa pomwepo."

"Ndikamuuza chiyani?"

"Zimene wachita. Ndi za amalume ake zomwe. Pageti ulembe dzina lako lonse. Tsopano palibenso chobisa."

Anatenga kachikwamako. Munali mapoto awiri aang'ono okulungidwa m'nsalu, akadali ofunda.

Panja chitsa chinali chitasanduka phulusa. Azibambo ankagona m'mipando, mitu m'makhoti. Ba Chibwe anali maso, akuwaza nkhuni pafupi ndi geti. Anaimika nkhwangwa. Anayang'ana Thandazani, anayang'ana kachikwama. Nthabwala sinabwere.

"Nenze sinidziba, mwana," anatero.

"Ngakhale ine, mudala."

Pa mpopi wa panja anasamba kumaso. Madzi anali ngati singano. Ufa wonyowa unamata m'tsitsi, sunachoke wonse. Anavala chipewa.

Pamsewu waukulu minibasi yoyamba inali itaima, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Tauni! Tauni! Mudala, tiyende, malo yaliko!"

Anakwera, anakhala kumbuyo, mapoto pamiyendo. M'katimo munali anthu anayi okha: mlonda wochoka kuntchito, azimayi awiri a madengu opita kukapikula ku Soweto, ndi namwino akuwodzera. Minibasi sinyamuka isanadzaze. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Thandazani sanafune kuti idzaze.

Anayesa mawu mumtima. Betty, Lachiwiri kulibe. Ayi. Betty, amalume amwalira. Ayi, zimenezo akudziwa. Betty, ndinagwada.

Anthu anabwera mmodzimmodzi, akupuma nthunzi. Mpando womaliza anakhalapo bambo wa tayi. Kondakitala anakoka chitseko, anagogoda padenga kawiri, ndipo minibasi inalowa mumsewu kulunjika m'tauni.